Phunziro la Zaumoyo: Matenda a Chikhodzodzo ndi Tizilombo Tosamva Mankhwala

M'phunziro la mwezi uno ndikufuna tikambirane za matenda amene ambiri timachita manyazi kuwatchula, ndiwo matenda a chikhodzodzo ndi njira ya mkodzo. Kale matendawa ankatha ndi mapiritsi a masiku ochepa. Lero m'zipatala zikuluzikulu muli odwala amene alandira mankhwala a mtundu woyamba, wachiwiri, mpaka wachitatu, koma tizilombo tili m'thupi mwawo osafa.

Zitsanzo zambiri nditenga ku Johannesburg, m'dziko la South Africa, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kumeneko kuli malabotale amene akhala akutsatira vutoli kwa zaka zambiri, choncho manambala awo ndi odalirika. Chachiwiri, ambiri mwa ife tili ndi abale ku Joni, ndipo mabasi sasiya kuyenda pakati pa mzindawu ndi Blantyre kapena Lilongwe. Tizilombo timene tikambiranezi timatha kukhala m'matumbo mwa munthu wooneka wathanzi, n'kudutsa naye pa Beitbridge ndi pa Mwanza popanda wozindikira.

Matendawa amayamba bwanji?

Mkodzo umapangidwa mu impso ziwiri, umatsikira m'chikhodzodzo, kenako umatuluka kudzera m'kanjira kamodzi. Matenda amayamba tizilombo ta mtundu wa mabakiteriya tikalowa m'kanjira kameneka n'kukwera mpaka m'chikhodzodzo. Nthawi zambiri tizilomboti sitichokera kutali. Kachilombo kamene kamayambitsa matendawa kwambiri ndi Escherichia coli, kamene mwachidule amati E. coli, ndipo kamakhala m'matumbo mwa munthu aliyense. Kali m'matumbo sikavuta, koma kakasochera n'kulowa kumene kumadutsa mkodzo, kamaswana ndi kuyambitsa matenda. Kachilombo kena kamene mukamve kawirikawiri m'phunziroli ndi Klebsiella, kamene kamavuta kwambiri m'zipatala.

Amayi ndi amene amadwala kwambiri matendawa chifukwa cha mmene thupi lawo lilili. Kanjira ka mkodzo ka munthu wamkazi n'kakafupi, pafupifupi masentimita 4, ndipo kali pafupi ndi kotulukira chimbudzi. Ka mwamuna n'kakatali, pafupifupi masentimita 20. Choncho mayi akadwala matendawa sindiye kuti ndi wauve kapena wayenda mosayenera. Ndikunena zimenezi chifukwa m'mabanja ena matenda amenewa amabweretsa milandu yopanda pake. Ena amene ali pachiopsezo ndi amayi oyembekezera, odwala shuga, abambo achikulire amene mkodzo umawavuta kutuluka, ndiponso aliyense amene amuika kachubu kotulutsira mkodzo kuchipatala.

Zizindikiro

Matenda akakhala m'chikhodzodzo, munthu amamva kuotcha pokodza, amakodza pafupipafupi koma pang'onopang'ono, amamva kupweteka pachinena, ndipo mkodzo umatha kuoneka wa mbuu. Tizilombo tikakwera mpaka mu impso, thupi limatentha, munthu amanjenjemera, amasanza, ndipo amamva kupweteka kumsana cha m'mbali, pansi pa nthiti. Kuchoka mu impso tizilombo timatha kulowa m'magazi, ndipo apa m'pamene munthu angataye moyo.

Vuto n'lakuti zizindikirozi zimafanana ndi za matenda ena. Kuotcha pokodza kungakhale chinzonono, makamaka ngati kukutulukanso mafinya. Magazi kumapeto kwa mkodzo angakhale likodzo, makamaka kwa munthu amene anakhala kufupi ndi nyanja kapena madambo. Kutentha thupi ndi kunjenjemera kungakhale malungo. Matenda anayiwa mankhwala ake ndi osiyana. Munthu wogula makapisozi pamsika amangolota, ndipo wogulitsayo nayenso amangolota.

Kusamva mankhwala n'kutani?

Mankhwala opha mabakiteriya amatchedwa maantibayotiki. Ena mwa iwo ndi amoxicillin, cotrimoxazole amene timamudziwa ndi dzina loti Bactrim, ciprofloxacin, doxycycline ndi jakisoni wa ceftriaxone. Panado sali m'gulu limeneli.

Pali mfundo imodzi imene anthu ambiri amaimva molakwika. Amati, thupi langa linazolowera mankhwala. Si thupi limene limazolowera. Ndi tizilombo timene timasintha. Ndiye chifukwa chake munthu amene sanamweko mankhwala ena ake chibadwire angathe kutenga tizilombo tosamva mankhwala omwewo kuchokera kwa mnzake.

Zimachitika motere. M'chikhodzodzo cha wodwala mumakhala tizilombo mamiliyoni. Pakati pa itoto pamatha kupezeka tochepa timene tili ndi njira yodzitetezera. Munthu akamwa mankhwala, tofooka timafa, tolimba tija timatsala, ndipo malo onse amakhala awo. Pamalo abwino E. coli amatha kugawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse, choncho totsalato sitichedwa kuchuluka. Komanso mabakiteriya amatha kupatsirana nzeru yodzitetezerayi, ngakhale atakhala a mitundu yosiyana. Ndipo mankhwala amene mwamwa chifukwa cha chimfine sapita pakhosi pokha. Amafikanso m'matumbo, kumene amapha E. coli ofooka n'kusiya olimba, amene tsiku lina adzalowa m'chikhodzodzo.

Achikulire amene anali kuno ku Malawi zaka za m'mbuyomu akukumbukira nkhani ya chloroquine. Mankhwalawa ankachiza malungo, kenako anasiya kugwira. Mu 1993 boma linawasiya n'kuyamba Fansidar. Nayenso Fansidar anafooka, ndipo mu 2007 kunabwera LA. Kachilombo ka malungo si bakiteriya, koma njira yake ndi yomweyo: mankhwala akamagwiritsidwa ntchito kwambiri ndiponso mosasamala, amatha mphamvu. Ngakhale Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjeza mu 1945 kuti kumwa mankhwala osakwanira mlingo kungachititse tizilombo kusiya kumva mankhwalawo.

Zimene zapezeka ku Johannesburg

Mu 2013 magazini ya madokotala yotchedwa South African Medical Journal inasindikiza kafukufuku wa amayi a m'chigawo cha Gauteng, mmene muli Johannesburg, amene anabwera kuchokera kunyumba ali ndi matenda a chikhodzodzo. Pa matenda 10 aliwonse, pafupifupi 8 anayamba ndi E. coli. Bactrim ankapha tizilombo tosakwana theka. Koma mankhwala ena awiri, nitrofurantoin ndi fosfomycin, ankagwirabe pa tizilombo toposa 90 pa 100 tilitonse. Phunziro lake n'lakuti mankhwala otchuka pamsika sindiwo amene amagwira, ndipo mankhwala amene amagwira alipobe, bola asankhidwe ndi munthu wodziwa.

Amenewa anali odwala ochokera kunyumba. Kwa odwala ogonekedwa m'chipatala zinthu n'zovuta kuposa apa. Madokotala ali ndi makwerero a mankhwala. Mapiritsi akakanika amapereka jakisoni wa ceftriaxone. Koma tizilombo tina timatulutsa mphamvu yotchedwa ESBL, imene imaphwanya ceftriaxone pamodzi ndi amoxicillin asanagwire ntchito. Zikatero amakwera pa mankhwala a gulu la carbapenem, monga meropenem, amene ndi odula ndipo amaperekedwa kudzera mu jakisoni kapena diripi. Kwa zaka zambiri amenewa ndiwo anali chida chomaliza chodalirika.

Mu 2008, ku Sweden, madokotala anapeza Klebsiella wosamva ngakhale carbapenem mu mkodzo wa bambo wina amene anali atagonekedwa m'chipatala ku New Delhi, m'dziko la India. Mphamvu imene kachilomboka kanali nayo anaitcha NDM-1. Taonani kuti nkhani imeneyi inayambira pa matenda a njira ya mkodzo. Patangopita zaka zitatu, mu 2011, madokotala a ku Johannesburg analengeza kuti NDM-1 yapezeka mwa wodwala ku South Africa.

Kuyambira pamenepo bungwe la boma lotchedwa National Institute for Communicable Diseases, limene likulu lake lili ku Sandringham mu Johannesburg, lakhala likuwerenga odwala otere m'zipatala zikuluzikulu. Pa kafukufuku wa zaka za 2015 mpaka 2018, wa odwala amene tizilombo tosamva carbapenem tinalowa m'magazi mwawo, ambiri anali ndi Klebsiella, ndipo oposa mmodzi pa atatu aliwonse anamwalirira m'chipatala. Carbapenem akakanika, kawirikawiri chotsala ndi colistin, mankhwala akale amene madokotala anali atawasiya chifukwa amawononga impso. Tangoganizani munthu amene impso zake zadwala kale, n'kupatsidwa mankhwala amenenso amavulaza impso.

Tizilombo tomweti timavulazanso makanda. Mu 2018 makanda 6 anamwalira ndi Klebsiella pa chipatala cha Thelle Mogoerane ku Vosloorus. Mu November ndi December 2019 makanda 10 anamwalira pa chipatala cha Tembisa ndi tizilombo tosamva carbapenem. Malo onsewa ali kufupi ndi Johannesburg. Makandawa sanadwale chikhodzodzo, koma tizilombo take ndi ta mtundu womwewo. Akuluakulu a zaumoyo a ku Gauteng anatchula kuthithikana ngati chimodzi mwa zifukwa: wodi ya ku Tembisa inali ya makanda 44 koma inkasunga pafupifupi 90.

N'chifukwa chiyani vutoli limakula m'chipatala?

Sikuti chipatala ndi malo oipa. Kungoti zinthu zitatu zimakumana pamalo amodzi: anthu ofooka, mankhwala amphamvu amene amaperekedwa tsiku ndi tsiku, ndi manja ambiri amene amachoka pa bedi ili kupita pa bedi ilo. Chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto chili ndi mabedi oposa 3,000. Pamalo otero kachilombo kolimba sikasowa kolowera.

Pa matenda a mkodzo, khomo lalikulu ndi kachubu kamene amalowetsa m'chikhodzodzo kuti mkodzo uzitsikira m'thumba. Kachubuka kamapulumutsa anthu amene mkodzo watsekeka, amene achitidwa opaleshoni, ndi odwala mwakayakaya. Koma tizilombo timakakamira, n'kukwera nako. Tsiku lililonse limene kachubu kali m'thupi, chiopsezo chimawonjezeka, ndipo pakatha mwezi pafupifupi aliyense amene ali nako amakhala ndi tizilombo mu mkodzo. Ndiye chifukwa chake lamulo la anamwino padziko lonse n'loti kachubu kaikidwe pokhapokha pali chifukwa, ndipo kachotsedwe chifukwacho chikangotha.

Nanga kuno ku Malawi?

Akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma pa nkhani iyi mawa lake linafika kale. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome anasanthula tizilombo topezeka m'magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016. Mu 2003, E. coli wokhala ndi ESBL sankakwana 1 pa 100. Pofika 2016 anali 30 pa 100. Klebsiella anachoka pa 12 pa 100 kufika pa 90 pa 100. Izi zikutanthauza kuti ceftriaxone, jakisoni amene zipatala zathu zimadalira kwambiri, ankalephera pa Klebsiella 9 mwa 10 aliwonse. Kusiyana kwathu ndi Johannesburg n'kwakuti kuno malabotale otha kumeretsa tizilombo ndi kuyesa mankhwala ndi ochepa, ndipo meropenem sapezeka paliponse.

Padziko lonse, kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo E. coli ndiye anali patsogolo. Chigawo chimene chinakhudzidwa kwambiri, poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chinali Africa ya kumwera kwa chipululu cha Sahara.

Muno m'kampu tili ndi zinthu zimene zimathandiza tizilomboti kufala. Tathithikana, zimbudzi timagwiritsa ntchito mabanja ambiri, madzi timachita kufolera pamjigo, ndipo makapisozi amagulitsidwa awiriawiri pafupi ndi sopo ndi machesi. Zina mwa zimenezi sitingazisinthe tokha. Koma zina zili m'manja mwathu.

Zoyenera kuchita mukadwala

1. Pitani kuchipatala msanga, ndipo fotokozani zonse. Ngati mwamwa kale mankhwala, nenani dzina lake kapena tengani kapepala kake. Adokotala akadziwa kuti mwamwa ciprofloxacin sabata yatha, amasankha mwanzeru.

2. Nenaninso ngati munagonekedwa m'chipatala miyezi yapitayi, kuno kapena kunja kwa dziko, ndiponso ngati munaikidwapo kachubu. Zimenezi zimawathandiza kuganizira za tizilombo tosamva mankhwala.

3. Akakupatsani kabotolo ka mkodzo, sambani m'manja, tayani mkodzo woyamba, tungani wapakati, tsekani, ndipo perekani nthawi yomweyo. Kapepala kamene amaviika mu mkodzo kamangosonyeza ngati pali zizindikiro za matenda. Kuti adziwe mankhwala amene angaphe tizilombo, amafunika kutimeretsa ku labotale, ndipo zimatenga masiku awiri kapena atatu. Ngati matenda akubwerezabwereza, funsani ngati n'kotheka kuyezetsa motero.

4. Imwani mankhwala monga mwauzidwira, pa nthawi yake ndiponso masiku onse amene alembedwa. Musagawireko mnzanu, ndipo musasunge ena kuti mudzamwe tsiku lina.

5. Pakatha masiku awiri kapena atatu osaona kusintha, bwererani kuchipatala ndi buku lanu. Musaonjezere mankhwala ena ogula nokha.

6. Adokotala akati chimfine chanu sichifuna maantibayotiki, musawakakamize. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo amoxicillin sapha mavairasi.

Mawu apadera kwa amene mumamwa Bactrim tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV: musasiye. Ameneyu munapatsidwa kuti akutetezeni ku matenda ena. Kungoti mukadwala chikhodzodzo musamuwerengere kuti akuchizani, ndipo musawonjezere mlingo wake.

Amayi oyembekezera, inu musadikire. Matenda a mkodzo amakwera msanga ku impso pa nthawi ya pakati, ndipo angachititse mwana kubadwa masiku asanakwane. Ciprofloxacin ndi doxycycline si mankhwala oti mayi woyembekezera agule n'kumwa yekha. Kusikelo akakupemphani mkodzo, perekani ngakhale simukumva kupweteka kulikonse.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ngati wodwala watentha thupi ndi kunjenjemera, akusanza chilichonse, akumva kupweteka m'mbali mwa msana, mkodzo wasiya kutuluka kapena wachepa kwambiri, kapena ngati gogo wayamba kusokonezeka mutu mwadzidzidzi. Khanda likatentha thupi, musalipatse mankhwala a kunyumba. Pitani nalo.

Ngati mukudikirira wodwala m'chipatala

Gadiyani ali ndi gawo lalikulu. Sambani m'manja ndi sopo musanakhudze wodwala, mukamukhudza, mukachokera kuchimbudzi, ndiponso mukakhuthula thumba la mkodzo. Thumbalo likhale m'munsi mwa chiuno cha wodwala kuti mkodzo usabwerere, koma lisagone pansi. Musalumule kachubu pa thumba, ndipo onetsetsani kuti sikanapindike kapena kuponderezedwa. Beseni ndi kansalu ka wodwala wanu zisayende pa mabedi ena, ngakhale mnzanu wapempha mwaulemu. Ndipo si mwano kufunsa anamwino kuti, kodi kachubuka kakufunikabe? Funso limeneli limathandiza.

Kupewa kunyumba

Imwani madzi okwanira. Mu 2018 kunatuluka kafukufuku wa amayi 140 a ku Bulgaria amene ankadwala chikhodzodzo mobwerezabwereza ndipo ankamwa madzi ochepa. Amene anawonjezera lita imodzi ndi theka patsiku anadwala pafupifupi theka la maulendo amene anzawo anadwala. Ndikudziwa kuti amayi ndi atsikana ena muno amachepetsa dala kumwa madzi madzulo, kapena amasunga mkodzo mpaka kucha, chifukwa choopa kupita kuchimbudzi usiku. Mantha amenewo ndi omveka. Imwani madzi ambiri m'mawa ndi masana, perekezanani, kapena sungani kachidebe kovundikira m'nyumba. Ngati njira ya kuchimbudzi ili yoopsa, uzani atsogoleri a dera lanu ndi a ofesi yoona za chitetezo.

Mukachita chimbudzi, pukutani kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo phunzitsani ana aakazi chimodzimodzi. Kodzani mukatha kugonana. Musatsuke mkati mwa njira ya amayi ndi sopo kapena zitsamba, chifukwa kutero kumachotsa tizilombo tabwino timene timateteza malowo. Nsalu za kumwezi zichapidwe ndi sopo ndi kuuma bwino padzuwa.

Kwa amene muli ndi abale ku Joni

Ena amaopa kupita kuchipatala chifukwa cha mapepala, n'kumadalira mankhwala otumiziridwa pa basi. Auzeni kuti ndime 27 ya malamulo aakulu a South Africa imati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Lamulo la othawa kwawo la 1998 linapatsa munthu wovomerezedwa ngati wothawa kwawo ufulu wa chithandizo choyambirira chofanana ndi cha eni dziko. Mu April 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa, ndi ana osakwana zaka 6 alandire chithandizo chaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lawo kapena mapepala. M'bale akatuluka m'chipatala cha kumeneko n'kubwera kuno, asunge kalata yotulukira ndi zotsatira za ku labotale. Musamusale. Kudya naye, kucheza naye ndi kumupatsa moni sikuopsa, bola pakhomo pakhale sopo ndi madzi osamba m'manja pochokera kuchimbudzi.

Pomaliza, nkhani ya chloroquine ili ndi mbali yachiwiri. Patatha zaka zoposa 10 Malawi atamusiya, akatswiri anamuyesanso ku Blantyre, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2006 zinasonyeza kuti wayambanso kuchiza pafupifupi ana onse amene anapatsidwa. Mabakiteriya sabwerera m'mbuyo mophweka choncho nthawi zonse, komabe nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti mmene anthu amagwiritsira ntchito mankhwala zimasintha mphamvu ya mankhwalawo. Chaka chilichonse kuyambira pa 18 mpaka pa 24 November dziko lonse limakumbukira vutoli, ndipo ndikupempha magulu a amayi, a achinyamata ndi a mipingo ndi mizikiti kuti akambirane phunziroli isanafike sabata imeneyo.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Mnzanu akuti thupi lake linazolowera Bactrim. Mungamufotokozere bwanji chimene chachitika kwenikweni?

2. Tchulani matenda atatu amene zizindikiro zake zimafanana ndi za matenda a chikhodzodzo.

3. N'chifukwa chiyani thumba la mkodzo liyenera kukhala m'munsi mwa chiuno cha wodwala?

4. N'chiyani chimachititsa anthu a m'dera lanu kugula makapisozi pamsika m'malo mopita kuchipatala, ndipo gulu lanu lingachitepo chiyani?

5. Kodi amayi ndi atsikana a m'dera lanu amatha kupita kuchimbudzi usiku mopanda mantha? Ngati ayi, nkhaniyi mukaitule kwa ndani?